Tsiku limene ndinadonthezera magazi diresi la ukwati la Madamu

Ndikukumbukira nyumba yathu ya kumalaini, pa esiteti ina ya tiyi kumunsi kwa msewu wopita ku Masambanjati. Inali ya zipinda ziwiri, yofanana ndendende ndi zinzake zonse za mumzerewo, moti mlendo ankatha kulowa kwa eni ake n'kukhala pansi asanazindikire kuti wasokera. Koma yathu sinkasowa, chifukwa inkalira. M'mawa uliwonse, anthu akangotsetsereka ndi madengu kumsana kupita kokathyola tiyi, pakhonde pathu pankayamba kumveka makina osokera a amayi, ndipo ankangolekeza dzuwa likapendeka.

Bambo ankagwira ntchito kufakitale, ndipo ankabwera akununkhira tiyi mpaka m'tsitsi. Amayi nawo anathyolapo tiyi zaka zingapo, koma msana unawakana atabadwa mlongo wanga Maliko. Makinawo anali a malemu achemwali awo. Kusoka sanakuphunzire kusukulu ina iliyonse. Ankatenga zovala zakale n'kuzimasula msoko ndi msoko, n'kuziyala pamphasa kuti aone mmene mwini wake anazidulira, kenako n'kuzilumikizanso. Pofika nthawi imene ndikunenayi, ine ndili Sitandade 4, dzina lawo linali litafika kale kumalaini a kutsidya ndi kumidzi ya kwa Changata. Aliyense ankangoti, pitani kwa amake Feliya.

Ndikatseka maso ndimawaonabe ali pamakinapo. Maliko ali kumbuyo m'chitenje, tepi yoyezera ili m'khosi, mapini atatu kapena anayi ali kukamwa. Phazi likamaponda chopondera, thupi lonse linkagwedezeka pang'onopang'ono, ndipo Maliko ankagona tulo tofa nato. Makina akangoima, iye ankadzuka n'kuyamba kulira, ngati kapitawo woona kuti ntchito yaima. Pambali pankakhala mbaula, nyemba za kalongonda zikubwata kuyambira m'mawa, ndipo amayi ankadziwa ndi mphuno yokha kuti madzi aphwera. Chifukwa cha mapini aja, kukalipa kwawo kwambiri kunali kwa maso ndi kamphuno. Ndinaphunzira kusiyanitsa "mm" wotanthauza kuti kasonkhezere moto ndi "mm" wotanthauza kuti choka pamenepo ndisanalavule mapiniwa.

Ankasoka chilichonse. Mathalauza a abambo ong'ambidwa ndi zitsa za tiyi, mabulauzi a amvano, mayunifolomu a ana a makalaliki, ngakhale kansalu kophimbira wailesi. Ife eni nyumba ndiye tinali kumapeto kwa mzere. Yunifolomu yanga inayenda teremu yonse mpendero wake utagwidwa ndi mapini awiri, ndipo anzanga ankandiseka kuti mwana wa telala amavala malonjezo.

Ine ndinali mwana wa mafunso. Ndinkafuna kudziwa chifukwa chake tiyi yense amalekezera pamodzi ngati tebulo, kumene nkhungu imapita masana, ndiponso ngati azungu omwe ankamwa tiyi wathu ankadziwa kuti m'mindamo muli njoka. Koma funso limene linkandisowetsa mtendere linali la makina. Ulusi wapamwamba ndinkauona bwinobwino. Unkachoka pachokulungira chake, n'kudutsa m'tizitsulo tokhotakhota, n'kulowa pa diso la singano. Koma ukatembenuza nsalu yosokedwa, kunsi kwake kunkapezeka ulusi wina. Nthawi zina unkakhala wa mtundu winanso. Unkachokera kuti? Nanga awiriwo ankagwirana bwanji, popeza singano inkangolowa n'kutuluka osatembenuka? Ndinkaona amayi akusuntha kachitsulo kosalala pansi pa singano n'kulowetsamo dzanja, koma ankachita mwachangu ngati munthu wobisa ndiwo. Kwa nthawi ndithu ndinkakhulupirira kuti m'katimo muli kanyama kokhala ndi timanja, kamene kamamanga mfundo.

Ndikafunsa, yankho linali limodzi. "Ndikuuza ndikamaliza ichi." Koma ichi chikatha pankabwera icho. Ndipo panali lamulo limene ngakhale bambo ankalisunga: makina sagwidwa. "Anzathu ali ndi minda," amayi ankatero. "Ife munda wathu ndi uwu."

Chaka chimenecho, nyengo yozizira itayamba, kunabwera ntchito imene amayi anali asanaigwirepo. Aphunzitsi athu a kalasi, Madamu Nyirongo, ankakwatiwa ndi kalaliki wina wa ku ofesi ya esiteti. Madamu anali ochokera kumpoto, aatali, olankhula pang'onopang'ono, ndipo anthu ankayembekeza kuti diresi akabwereka ku Blantyre monga ankachitira anzawo apantchito. Koma iwo anabwera pakhonde pathu ndi pepala lodula m'magazini, ndi nsalu yoyera imene anakagula ku Limbe. Anabweretsanso nsalu yobiriwira ya madiresi atatu a operekeza.

Nsalu yoyerayo sindidzaiiwala. Inali yoterera, yozizira, ndipo ukaigwira inkathawa m'manja ngati madzi. Amayi ankasamba m'manja kawiri asanaikhudze. Anasamutsa makina kuchoka pakhonde kuwalowetsa m'nyumba, pafupi ndi zenera, poopa fumbi lofiira la kwathu lija. Mbaula anaithamangitsira kuseri. Masiku atatu anangoiyang'ana nsaluyo, sizasi ili m'manja, osadula. Madzulo ena ndinawamva akuuza bambo kuti, "Ikalakwika iyi, palibenso ina. Koma ikakhala bwino, akazi a mamanijala onse adziwa njira ya kumalaini."

Ukwati unali Loweruka. Lachinayi kunadzuka chiperoni, kamvula kosalekeza kaja kamene kamanyowetsa munthu asakudziwa. Nditaweruka kusukulu ndinapeza diresi latsala pang'ono kutha, ndipo Madamu ankabwera kudzaliyesa cha m'ma folo koloko. Amayi anali akulumikiza siketi ndi chapamwamba, pamene panali povuta kwambiri. Maliko, yemwe anali atayamba kukwawa, anali pamphasa akutafuna chokulungira ulusi chopanda kanthu. Kenako anachita zimene ana amachita, ndipo anazichita mokwanira, mpaka kumsana. Amayi anaimitsa makina, n'kumunyamula motalikitsa ndi thupi lawo, n'kupita naye kubafa kuseri. Potuluka anangoti, "Feliya, uone nkhuku zisalowe."

Nkhuku sizinabwere. Ndinatsala ine, makina, ndi diresi lili pansi pa singano.

Sindinkafuna kusoka ayi, ndipo mpaka lero ndimaumirira pamenepo. Ndinkangofuna kuona. Ndinakhala pampando wa amayi, womwe unali ukadali wofunda. Ndinakweza nsalu pang'ono n'kusuntha kachitsulo kaja. M'katimo munali mdima ndi fungo la mafuta. Ndinaona kanthu kozungulira konyezimira, koma kanali duu. Ndinaganiza kuti kanyamako kamagwira ntchito pokhapokha singano ikatsika, choncho ndinapukusa gudumu la pambali ndi dzanja lamanja, pang'onopang'ono. Singano inatsika n'kukwera, ndipo kanthu kaja kanagwedezeka. Koma nsalu inkanditchinga. Ndinaikankha ndi chala cha mkombaphala cha kumanzere, n'kuweramira pafupi kuti ndione bwino. Powerama paja, phazi langa linafuna popondera, ndipo linapeza chopondera.

Sindinamve kupweteka msanga. Ndinangomva kuti thobo, kenako kuti tswa. Singano inali italowera pachikhadabo n'kuthyoka, kachidutswa kake katatsalira m'chala. Ndinakoka dzanja, ndipo ndi pamene magazi anadontha. Madontho atatu aakulu ndi timadontho tina tating'ono, kutsogolo kwenikweni kwa diresi, m'munsi mwa chiuno. Pansalu yoterera ija magazi sankakhala malo amodzi. Ankayenda, dontho lililonse likukula ndikuona.

Ndiye ndinakuwa.

Amayi analowa akuthamanga, Maliko ali maliseche m'khwapa, madzi akuchucha. Anaima pakhomo. Maso awo anapita pa diresi, n'kubwera pa dzanja langa, n'kubwereranso pa diresi. Anatulutsa mawu amodzi a Chilomwe amene ankangowatchula pamaliro. Kenako anamuika Maliko pansi, n'kugwira dzanja langa n'kuliyang'ana pazenera. Anaona kachidutswa ka singano kakusuzumira pansi pa chala. Anang'amba kansalu koyera pa zotsala za diresi lomwelo, n'kundikulunga momasuka. Anabereka Maliko, n'kumufunditsa thawulo, ndipo tinatuluka. Chitseko sanatseke n'komwe.

Kiliniki ya esiteti inali kutali, kuseri kwa fakitale. Tinadutsa njira yachidule ya m'minda ya tiyi, masamba onyowa akutikwapula m'miyendo. Nkhungu inali itaphimba chilichonse, moti mitengo italiitali ya m'mphepete mwa munda inkaoneka mitu yokha. Amayi anandigwira pamkono, dzanja langa lili m'mwamba ngati mwana wodziwa yankho m'kalasi. Tsopano chala chinali chitayamba kugunda ngati chili ndi mtima wakewake. Ndinkalira, koma ndikuvomereza kuti pakati pa kulirako ndinkadzifunsanso ngati singanoyo idzayenda m'thupi mpaka kukafika kumtima, monga ankanenera anzanga. Ndinafunsa amayi. Anati, "Yenda."

Titatulukira pamsewu wa miyala, thirakitale yonyamula nkhuni za bulugamu za kufakitale inatipeza. Dalaivala ataona kansalu kofiira kaja anaima osafunsa zambiri, ndipo tinakwera pamwamba pa nkhuni. Aka kanali koyamba kukwera thirakitale, chinthu chimene ndinkachilakalaka kuyambira kalekale, ndipo ndinadandaula kuti mwayiwo wabwera tsiku lolakwika.

Adokotala a pakiliniki anali bambo wachikulire wa magalasi okhuthala. Anayang'ana chala n'kufunsa kuti, "Telala ndi uti pamenepa, mayi kapena mwana?" Amayi sanaseke. Anandikhazika pamiyendo pawo, Maliko akadali kumbuyo, n'kukanikiza nkhope yanga pachifuwa pawo. Bulauzi yawo inkanunkhira mkaka, sopo ndi mafuta a makina. Ndinamva mtima wawo ukuthamanga kuposa wanga. Kachidutswako kanatuluka ndi kapani kakang'ono, ndipo kanali kafupi kuposa njere ya mpunga. Ndinapempha kuti ndikatenge. Adokotala anakana, n'kundipatsa jakisoni wa kafumbata m'malo mwake.

Pobwerera panalibe thirakitale. Tinafika kunyumba folo koloko itapitirira kale, ndipo pakhonde panali anthu awiri. Madamu anali atakhala pakhoma lalifupi la khonde, manja ali pamiyendo. Pambali pawo panaima azakhali awo, mayi wonenepa wa duku lalikulu, amene anabwera kuchokera kumudzi kudzayendetsa za ukwatiwo. Chitseko chinali chotsegula monga tinachisiyira. Zinali zoonekeratu kuti diresi aliona.

Azakhaliwo sanadikire moni. Anati magazi pa chovala cha mkwatibwi ndi malodza. Anati anamuuza mwana wawo kuti ntchito ngati iyi sapatsa munthu wosokera m'nyumba, mwana kumsana, wina kumiyendo, nkhuku pakhomo. Mawu amenewo anamveka mzere wonse, ndipo ndinaona makatani a nyumba zoyandikana akugwedezeka.

Ndinkayembekeza kuti amayi andiloza. Chala chinali pomwepo, chokulungidwa bandeji yaikulu ngati chinangwa, umboni wosafuna mboni. Koma iwo anagwada pakhondepo, Maliko ali kumbuyo, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Madamu, ndalakwa ndine. Ndinasiya ntchito yanu pamakina osavundikira. Mukandilola, mundipatse mawa lokha."

Madamu anatembenukira kwa ine. Kenako anandiitana ndi dzanja, n'kutembenuza bandeji ija uku ndi uku.

"Feliya, umafuna chiyani pamakina?"

"Ndimafuna kuona kumene ulusi wapansi umachokera, Madamu."

"Ndiye unakuona?"

"Ayi, Madamu."

Anapumira m'mwamba, ndipo ndikukhulupirira kuti anabisa kumwetulira. Anauza azakhali awo kuti diresi litsala. Azakhaliwo anati chabwino, mwini ukwati ndi iyeyo, koma madiresi a operekeza sawasiya m'nyumba muno. Analowa okha n'kusonkhanitsa nsalu yobiriwira ija, madiresi awiri osokedwa kale ndi limodzi lodulidwa, n'kunena kuti akamalizitsa kwa telala wa shopu ku Boma. Amayi anawathandiza kupinda. Ntchito ya milungu iwiri inatuluka pakhomo ili m'jumbo.

Madzulo omwewo amayi anachapa malo othimbirirawo ndi madzi ozizira ndi mchere, akusisita ndi nsonga ya chala ngati akutsuka diso la mwana. Kufiira kunachoka, koma kutacha tinapeza mabanga achikasu, ooneka bwino ukaimika diresi padzuwa. Nsalu yotsala yoti n'kudula chigawo china panalibe. Panali tizidutswa tokhatokha, tina totalika ngati chala, tina ngati lamba.

Amayi anatiyala patebulo n'kutiyang'ana. Kenako anatenga kamodzi, n'kukapinda m'litali, n'kuyamba kukakulunga pa chala chawo uku akusoka kunsi ndi singano ya pamanja. Atatsegula dzanja, panali duwa. Kaduwa koyera, kopindanapindana ngati maluwa a pabwalo la nyumba ya manijala. Anakaika pa banga lalikulu lija ndipo linasowa.

Atatu akanakwana kubisa mabangawo, koma atatu okha akanaulula kuti pabisidwa kanthu. Choncho anaganiza zopanga ambiri, oyambira paphewa, kutsika mopingasa pachifuwa, kudutsa pachiuno mpaka m'munsi. Vuto linali Maliko. Popeza makina sankalira tsiku limenelo, iye anakana kugona, ndipo ankalimbana ndi chilichonse choyera. Cha m'ma teni koloko Madamu anatulukira okha, opanda azakhali. Anaona mmene zinthu zinalili, n'kuvula nsapato, n'kupempha chitenje. Anabereka Maliko n'kumayenda naye uku ndi uku kutsogolo kwa malaini, akumuimbira nyimbo ya kwawo. Akazi a mumzere wathu anatuluka kudzaona mphunzitsi, mkwatibwi wa mawa, atabereka mwana wa telala. Bambo atabwera kudzadya masana anapeza pamoto palibe kanthu, ndipo anaphika okha mbatata. Zinapserera kunsi n'kukhala zaziwisi pamwamba, koma tonse tinadya, ndi Madamu omwe.

Ine ntchito yanga inali yopatsira tizidutswa ndi dzanja limodzi, nditakhala patali ndithu ndi diresi. Dzuwa lisanalowe, Madamu analivala. Kalilole wathu anali wamng'ono, woonetsa nkhope yokha, choncho amayi ankamuyendetsa kuchokera kumutu mpaka kumapazi kuti Madamu adzione chigawo ndi chigawo. Atafika pachiuno, Madamu anagwira duwa limodzi n'kufunsa kuti, "Ndi ili?" Amayi anati ayi, ndi linzakelo. Onse awiri anaseka, koyamba chichitikire ngoziyo.

Kutchalitchi Loweruka, akazi ankanong'onezana za maluwawo, ena akuti diresilo lachokera kunja. Ine ndinakhala kumbuyo, bandeji nditaibisa m'khwapa, ndikudziwa chimene chili pansi pa duwa lachisanu ndi chiwiri. Azakhali aja sanatilankhule, ngakhale pa madyerero. Ndipo akazi a mamanijala sanabwere kumalaini monga amayi ankayembekezera, chifukwa nkhani ya magazi inayenda mofulumira kuposa ya maluwa. Panapita chaka chathunthu amayi asanalandirenso diresi lina la ukwati.

Chilango ndinkachidikira tsiku lililonse. Chinafika Lolemba, nditaweruka. Amayi anandiitana m'nyumba ndi dzina langa lonse, ndipo ndinalowa ndikuyang'ana kumene kuli kamtengo ka nandolo kokwapulira. Koma anandiuza kuti ndikhale pampando wawo. Anachotsa lamba wa makina, n'kupendeketsa mutu wonse wa makina chagada. Sindinkadziwa n'komwe kuti umatseguka choncho. Kunsi kunali zitsulo zambirimbiri zonyezimira ndi mafuta. Anatulutsa kagudumu kakang'ono kachitsulo, kodzaza ndi ulusi, n'kundiika m'dzanja.

"Iyi ndi bobini. Ulusi wako wapansi ndi umenewu."

Anaibwezera, n'kuyamba kupukusa gudumu pang'onopang'ono kwambiri. Ndinaona singano ikutsika ndi ulusi wake. Pobwerera m'mwamba, ulusiwo unatsalira pang'ono n'kupanga kakhwekhwe. Pomwepo kachitsulo kosongoka ngati mlomo wa mbalame kanabwera n'kukola kakhwekhweko, n'kukazunguliza bobini yonse, ndipo ulusi wapansi unapezeka uli m'kati mwake. Singano itakwera, awiriwo anamangana. Ndinawapempha kuti abwereze. Anabwereza kasanu. Munalibe kanyama, koma sindinakhumudwe. Ndinkangodabwa kuti munthu wina anakhala pansi n'kuganiza zimenezi.

"Ukanangondifunsa," amayi anatero.

"Ndinkafunsa, amayi."

Anasiya kupukusa. Anayang'ana pazenera kanthawi, kenako anati, "Unkafunsadi." Komabe chilango chinalipo: mwezi wonse, msoko uliwonse wolakwika womasula ndinali ine.

Lero malaini aja anawapaka penti ina, ndipo amayi anabwerera kumudzi kwa Changata bambo atapuma ntchito. Kaunjika anadzaza misika, moti anthu ochepa ndiwo amasoketsa zovala za tsiku ndi tsiku, ndipo akwatibwi amasankha madiresi pafoni. Maso a amayi sathanso kupeza diso la singano. Ine sindinakhale telala. Ndimaphika makeke a maukwati ndi a masiku obadwa kunyumba kwanga ku Boma, ndili ndi ana awiri, uvuni yamagetsi, ndi foni imene makasitomala amaimba nthawi ina iliyonse. Zipangizo zasintha, koma munthu ukadali ndi manja awiri omwe aja, ndipo mwana sadziwa kuti keke ya eni ake ili mu uvuni.

Mwezi wathawu ndinapita kukawaona, nditatopa ndi sabata imene wamng'ono wanga anadwala malungo ine ndili ndi maoda atatu. Tinakhala pansi pa mtengo wa mapeyala tikusenda nandolo. Ndinawafunsa kuti, "Amayi, inu munkakwanitsa bwanji zonse zija?"

Anaseka mpaka kutsokomola.

"Anakuuza ndani kuti ndinkakwanitsa? Tsiku lina ankadandaula ndi makasitomala, tsiku lina munkadandaula ndinu. Ine ndinkangoonetsetsa kuti asadandaule yemweyemweyo masiku awiri otsatizana."

Anakankhira lichero kwa ine n'kunena kuti ndisende msanga, ana anga andidikira.